Kudya pakati pa maofesi a ku Singapore: pezani mpando kaye, chakudya pambuyo

Dera la maofesi ku Singapore, kuchokera ku Raffles Place kutsika ndi Shenton Way mpaka ku Tanjong Pagar, munthu amalidutsa wapansi mosatopa, koma m'kadera kameneka muli zophika za Atchaina, Amalay, Amwenye, Akoreya ndi Ajapani. Chimene chimasokoneza mlendo ndi khamu. Ikangokwana 12 koloko, nyumba zitalizitali zonse zimakhuthula antchito nthawi imodzi, ndipo wosadziwa dongosolo amapezeka ali chilili, mbale yamoto m'manja, pokhala palibe.

Choncho yambani ndi wotchi. Fikani cha m'ma 11:30, apo ayi dikirani mpaka 1:30. Musachedwenso kwambiri, chifukwa ophika otchuka amatseka chakudya chikangotha, ena isanakwane n'komwe 3 koloko.

Kolowera

Chakudya chokoma ndi chotchipa chili m'malo otchedwa hawker centre: denga limodzi, timashopu tambirimbiri, kalikonse kakuphika chinthu chimodzi kapena ziwiri, matebulo n'kukhala a aliyense. Bungwe la UNESCO linalemba kadyedwe kameneka pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2020. M'derali muli atatu ofunika kuwadziwa. Amoy Street Food Centre ndi ya nsanjika ziwiri ndipo imadalira antchito a m'maofesi, kotero madzulo ndi kumapeto kwa sabata mashopu ambiri amakhala otseka. Maxwell Food Centre, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Maxwell, imagwirabe ntchito mpaka madzulo, ndipo ndi komwe kuli Tian Tian, shopu ya mpunga wa nkhuku imene mzere wake umaonekera patali. Lau Pa Sat ndi msika wakale wa makona asanu ndi atatu, womangidwa mu 1894 ndi zitsulo zochokera ku Glasgow. Mitengo yake ndi yokwererako poyerekeza ndi enawo, koma ndi komwe mungapeze mitundu yambiri pamalo amodzi, ngakhale usiku.

Mukalowa musathamangire pamzere. Yendani kaye mufune mpando. Mukaona kapaketi ka tishu, ambulera kapena khadi la ku ofesi patebulo popanda munthu, dziwani kuti malowo ali ndi mwini wake, wapita kukagula. Eni dziko amati chope, ndipo aliyense amalemekeza zimenezi. Musasunthe tishuyo, musamutenge kuti mupukutire m'manja. Inunso gulani kapaketi kanu muike pamene mwapeza mpata, kapaketi kamodzi pa mpando uliwonse umene mukufuna. Tishuyo mudzamufunabe, pakuti m'malo amenewa sapereka zopukutira. Kukhala tebulo limodzi ndi anthu osawadziwa n'kwachibadwa. Lozani mpandowo, funsani ngati pali munthu, khalani.

Pamzere, ganizani zimene mukufuna musanafike kutsogolo. Wogulitsa wamkulu mumutchule kuti Uncle kapena Auntie. Adzakufunsani mwachangu zinthu zitatu. Choyamba, mudyera pomwepo kapena mutenga; kutenga amati dabao kapena tapau, ndipo kabokosi amalipiritsa masenti ochepa. Chachiwiri, mbale ya ndalama zingati, chifukwa kukula kwa mbale amakutchula ndi mtengo, monga ya S$4 (madola a ku Singapore), ya S$5 kapena ya S$6. Chachitatu, tsabola aike kapena ayi. Nyamulani ndalama za m'manja, makamaka za S$2, S$5 ndi S$10. Zikwangwani za QR zolipirira pafoni zimene mudzaone pashopu zambiri zimafuna akaunti ya banki ya komweko, ndipo khadi lakunja mashopu ambiri salandira. Chakudya mumanyamula nokha, pamodzi ndi supuni, foloko kapena timitengo todyera.

Zimene zili m'mbale

Woyamba kumene ayambe ndi Hainanese chicken rice. Nkhuku amaiwiritsa pamoto wochepa kenako n'kuiviika m'madzi ozizira kwambiri kuti khungu likhale lofewa ndi loterera, n'chifukwa chake imabwera yosatentha, ndipo nthawi zina pafupa pamaoneka kufiira pang'ono. Kumeneko si kulakwitsa kwa wophika. Ngati mtima sukulola, pemphani yootcha, imene imapachikidwa pambali pa yoyerayo. Ukatswiri wonse uli mumpunga, wophikidwa ndi mafuta ndi msuzi wa nkhuku, adyo ndi jinja. Musauthire msuzi wa m'kambale kuti unyowe. Msuziwo ndi womwera pambali. Tsabola, jinja wosinja ndi soya wakuda muziika pang'onopang'ono pa supuni iliyonse.

Pali mashopu ena amene ndiwo zophikaphika zimayalidwa kuseri kwa galasi, inu n'kumaloza. Kwa Atchaina amati cai png, kwa Amalay ndi nasi padang. Apa ndi pamene anthu amalipira zambiri mosayembekezera, chifukwa mitengo ya chinthu chilichonse kawirikawiri siilembedwa ndipo wogulitsa amawerengera kumapeto. Mpunga, nyama imodzi ndi masamba awiri zimakwanira munthu mmodzi. Nsomba yathunthu, za m'nyanja monga ma prawns ndi squid, komanso ng'ombe ya rendang, yophikidwa mu kokonati ndi zokometsera, ndi zimene zimakweza mtengo, choncho funsani musanaloze. Masamba okhala ndi tinyama tosinja ena amawawerengera ngati nyama.

Msampha wofanana nawo uli pa mala xiang guo, chakudya cha ku Sichuan chimene mumasankha zosaphika, iwo n'kuyeza pasikelo n'kukazinga zonse pamodzi. Beseni lotengeramo ndi lalikulu ndipo limanyenga maso. Munthu mmodzi asapitirire zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, pang'onopang'ono, aonjezerepo mbale ya mpunga. Ukali wa tsabola uli pa magawo: xiao la wochepa, zhong la wapakati, da la wambiri. Sankhani wochepawo ngakhale mutakhala wokonda tsabola, chifukwa mulinso timbewu ta Sichuan pepper timene timachititsa lilime dzanzi. Dzanzilo ndi dala, limatha lokha.

Za ma noodles funso limakhala lakuti a msuzi kapena ouma. Ouma amawasakaniza ndi tsabola, viniga ndi mafuta pansi pa mbale, msuzi n'kubwera padera. Takasani nthawi yomweyo, chifukwa mukachedwa amagwirana n'kukhala chibuma chimodzi. Laksa ndi ma noodles a mpunga mumsuzi wa kokonati ndi ma prawns ouma, ndipo nthawi zambiri amaikamo tinkhono ta m'nyanja tongoviika m'madzi otentha. Amene m'mimba mwanu simuchedwa kusokonezeka nenani kuti mai hum, sadzaikamo.

Nkhani ya nkhumba ifunika kusamala kwenikweni. M'zophika za Atchaina nkhumba imabisala m'malo osayembekezeka: char kway teow, ma noodles a mpunga, mwamwambo amakazinga ndi mafuta a nkhumba n'kuikamo soseji yake, msuzi wa ma noodles ambiri ndi wa mafupa a nkhumba, bak kut teh ndi nthiti za nkhumba zenizeni, ndipo msuzi woyera wa ramen ya Ajapani, tonkotsu, nawonso ndi wa nkhumba. Asilamu afune satifiketi ya halal yochokera ku MUIS, bungwe loona za Chisilamu m'dzikomo, yopachikidwa pashopu, kapena shopu ya Msilamu. Chikwangwani chongolemba kuti sagwiritsa nkhumba ndi mafuta ake si satifiketi ya halal.

Amene thupi lawo limadana ndi za m'nyanja adziwe kuti sambal, tsabola wosinja wa Amalay, nthawi zambiri amakhala ndi belacan, phala la tima prawns tofufumitsa, ngakhale ali pa masamba. Mtedza uli mumsuzi wa satay (nyama yootcha pa timitengo), mu rojak (saladi ya zipatso ndi masamba) ndi m'mbale ya nasi lemak, mpunga wa kokonati umene umabwera ndi dzira, nkhaka, sambal ndi ikan bilis, tinsomba tokazinga tonga usipa waung'ono. Osadya nyama apite kwa Amwenye: thosai, chikondamoyo chopyapyala cha mpunga ndi nyemba zofufumitsa, chimadza ndi sambar, msuzi wa nyemba ndi masamba, ndi chatine ya kokonati. Roti prata, chikondamoyo cha ufa wa tirigu, amadyera msuzi wa curry, koma funsani ngati msuziwo ndi wa nsomba, wa nyama kapena wa nyemba. Kwa Amwenye ndi Amalay kudya ndi dzanja lamanja palibe amene angakudabweni. Kwa Atchaina musazike timitengo chilili mumpunga, chifukwa zimafanana ndi lubani wofukizira akufa. Tigonekeni pamwamba pa mbale.

Zakumwa zili ndi shopu yakeyake. Kopi ndi khofi wa mkaka wotsekemera wa m'chitini, kopi-O ndi wakuda wa shuga, kopi-C ndi wa mkaka wosatsekemera, woikamo shuga. Onjezerani siew dai ngati mukufuna shuga wochepa, kosong ngati simukufuna shuga n'komwe, peng ngati mukufuna wa ayezi. Tiyi ndi teh, ndipo mawuwa ndi omwewo.

Mukatha kudya bwezani thireyi, mbale ndi zinyalala zanu zonse. Kuyambira mu 2021 limeneli ndi lamulo m'ma hawker centre: koyamba amapereka chenjezo lolemba, kachiwiri chindapusa cha S$300. Mashelefu obwezera alipo awiri, a halal ndi a zina. Werengani chikwangwani, musasakanize.

M'malesitilanti ndi madzulo

Tsiku lokumana ndi anzanu a bizinesi mudzafuna malo ozizira okhala ndi woperekera. Mumsewu wa Tanjong Pagar Road mwadzaza malesitilanti a Akoreya, komwe timbale ta kimchi (kabichi wofufumitsa wa tsabola) ndi masamba totsagana ndi chakudya, banchan, kawirikawiri ndi taulere ndipo mutha kupemphanso tikatha. Kwa Ajapani funsani za set lunch, imene imatchipa kuposa mbale zomwezo madzulo, koma ambiri amasiya kulandira maoda cha m'ma 2 koloko n'kutsegulanso madzulo. Yang'anani pansi pa menyu. Chizindikiro cha ++ chikutanthauza kuti adzaonjezera 10% ya operekera, kenako 9% ya msonkho wa GST pamwamba pake, moti chakudya cha S$20 chimafika S$23.98. Mawu akuti nett ndiye kuti mtengo ndi womwewo. Ndalama yothokoza woperekera siyembekezeka. M'malesitilanti a Atchaina, kathaulo konyowa ndi kambale ka mtedza zimene mumazipeza patebulo zimalowa pa bilu. Ngati simukuzifuna zibwezeni musanazitsegule.

Pakati pa sabata, cha m'ma 7 koloko madzulo, msewu wa Boon Tat Street pambali pa Lau Pa Sat umatsekedwa kwa magalimoto, ayala matebulo, ootcha satay n'kuyatsa makala. Oitanira makasitomala adzakutsatani ndi menyu zokhala ndi maseti akuluakulu, ena ophatikiza ma prawns odula. Simukakamizidwa kutenga seti. Satay amagulitsa kuyambira timitengo 10, ta nkhuku, ng'ombe kapena nkhosa, ndipo 10 mpaka 15 pamodzi ndi ketupat, mpunga wopanikiza wodulidwa timabokosi, zimakwanira munthu mmodzi. Gwirizanani mtengo wonse asanaike nyama pamoto, kumbukirani nambala ya shopu imene mwaodako, ndipo sankhani tebulo la kumene mphepo ikuchokera kuti utsi usalowe m'zovala. Itanitsani pang'onopang'ono m'malo mwa zonse nthawi imodzi, makamaka ya nkhosa, chifukwa ikazizira mafuta ake amaundana ndipo nyama imalimba.