Momwe mungakanire ndi kunena kuti chinthu chimachitika kangati m'chiyankhulo cha ku Croatia

Yambani ndi kamawu ka ne. Kamakhala kutsogolo kwa mneni ndipo kamalembedwa pakokha: znam ndi "ndikudziwa", ne znam ndi "sindikudziwa". Pakati pa ne ndi mneni wake sipalowa kanthu. "Sindikumuona" ndi ne vidim ga, osati ne ga vidim.

Kenako lowezani pamtima aneni atatu amene amalumikizana ndi ne n'kukhala mawu amodzi. Mneni biti, "kukhala", amapereka nisam, nisi, nije, nismo, niste, nisu. Mneni imati, "kukhala nacho", amapereka nemam, nemaš, nema, nemamo, nemate, nemaju. Ameneyu sativuta, poti nafenso timati "ndilibe". Wachitatu ndi htjeti, "kufuna": neću, nećeš, neće, nećemo, nećete, neće. Musathamangire pano, chifukwa nthawi yakale ndi yam'tsogolo zimadalira mawu amenewa. "Sindinagwire ntchito" mwamuna amati nisam radio, mkazi amati nisam radila. "Sindibwera" ndi neću doći. Wolemba ne sam kapena ne imam waphonya.

Nema imatanthauzanso "palibe", ndipo dzina lobwera pambuyo pake limasintha mathero: madzi ndi voda, koma "palibe madzi" ndi nema vode; buledi ndi kruh, koma pokana amati nema kruha.

Tsopano mawu onena za kangati. Aikeni m'mutu kuchokera pamwamba kutsika: uvijek, nthawi zonse, obično, mwachizolowezi, često, kawirikawiri, ponekad, nthawi zina, rijetko, mwa apo ndi apo, nikad kapena nikada, ngakhale kamodzi. Chilembo cha j chimamveka ngati y wathu, č ngati tch. Mukaona uvek ndi retko m'buku, dziwani kuti ndi kalembedwe ka ku Serbia. Ku Zagreb, likulu la Croatia, amalemba uvijek ndi rijetko.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, makamaka amene anazolowera Chingelezi chomwe chimakana kamodzi kokha. Nikad payokha sikwanira, mneni ayeneranso kukana. "Sindimwa khofi ngakhale kamodzi" ndi nikad ne pijem kavu. Mukachotsa ne, chiganizo chathyoka. Lamuloli limagwiranso pa nitko, "palibe munthu", ništa, "palibe kanthu", ndi nigdje, "palibe kulikonse": nitko ne zna, ništa ne vidim. Angaunjikane atatu kapena anayi m'chiganizo chimodzi, monga nikad nikome ništa ne kažem, "sindiuza munthu aliyense kanthu", ndipo tanthauzo limakhalabe lokana. Koma rijetko, ngakhale imaoneka ngati yokana, siifuna ne: rijetko pijem kavu basi.

Pofuna kutchula nambala, gwiritsani ntchito jednom, dvaput ndi triput, kamodzi, kawiri ndi katatu, n'kuwonjezera dnevno, tjedno, mjesečno kapena godišnje, kutanthauza pa tsiku, pa sabata, pa mwezi, pa chaka. Dvaput tjedno ndi kawiri pa sabata. Svaki dan ndi tsiku lililonse. Funso lake ndi koliko često, "kangati".

Siyanitsaninso više ne ndi još ne. Više ne pušim ndi "ndinasiya kusuta", još ne znam ndi "sindinadziwebe".

Poyeserera, tengani chiganizo chimodzi, monga idem na tržnicu, "ndimapita kumsika", muchiyendetse pa mawu onse 6 aja onena za kangati mokweza mawu. Mukafika pa nikad, muikemo ne. Kenako muchisinthire ku nthawi yakale: nikad nisam išao, kapena nikad nisam išla ngati ndinu mayi.