Momwe mungazindikirire mbalame ya red kite m'matauni a ku England

Amalawi amene tikukhala cha ku Reading, High Wycombe ndi Oxford timaiona mbalameyi ikuzungulira pamwamba pa nyumba, ena n'kumati ndi chiwombankhanga. Ayi, eni dziko amaitcha red kite, ndipo ndi m'bale wake wa mphamba amene amalanda anapiye kwathu. Kale mbalamezi zinatheratu ku England chifukwa chophedwa, zinangotsala zochepa ku Wales. Mu 1990 anabweretsa zina kuchokera ku Spain n'kuzimasula m'mapiri a Chilterns, n'chifukwa chake lero zili mbwee m'mbali mwa msewu waukulu wa M40 umene umadutsa m'mapiriwo. Cha ku Leeds anazimasula ku Harewood mu 1999.

Choyamba, musalawirire. Dikirani dzuwa likwere, cha m'ma 10 koloko, chifukwa zimakonda kuyandama pa mpweya wofunda. Imani pabwalo la mpira kapena poimika magalimoto, pamene nyumba sizikutchingani.

Chachiwiri ndi mchira, ndipo apa ndi pamene ndinavutika. Aliyense amakuuzani kuti mchira wake ndi wamphanda, basi. Zoona, koma mphandayo imaoneka bwino mchira ukapindidwa. Ikautambasula pokhota, mphanda ija imatsala pang'ono kufafanizika. Ana a chaka chomwecho mphanda yawo ndi yosazama, ndipo m'miyezi yotentha zikamathothoka nthenga mchira umakhala wong'ambikang'ambika. Ine zambiri ndinkazilemba kuti ndi buzzard, mbalame ina yodya nyama imene imaulukanso m'malo omwewo. Chimene chinandithandiza n'kusiya kuyang'ana maonekedwe a mchira n'kuyamba kuyang'ana zimene mchirawo ukuchita. Red kite imaupotoza mosalekeza, uku ndi uku, ngati chiwongolero cha bwato, thupi lili phee. Buzzard satero. Mchira wake ndi waufupi, wozungulira kumapeto, thupi lojintcha, ndipo pozungulira amakweza mapiko m'mwamba pang'ono. Mapiko a red kite ndi aatali, opyapyala, opindika pakati. Musafulumire kugamula, iyang'aneni mpaka ikhote kawiri.

Chachitatu, mtundu. Mutu ndi wotuwa, thupi lofiirira, kunsi kwa phiko lililonse kuli chigamba choyera, nsonga zake n'zakuda. Kukachita mitambo mudzangoona chithunzithunzi chakuda, ndiye bwererani ku mchira uja. Ikatambasula mapiko imayandikira mamita awiri, komatu imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi yokha.

Magalasi oonera patali amathandiza pamenepa. Funani olembedwa 8x42. Chenjerani ndi aja otsika mtengo a pa intaneti olembedwa manambala akuluakulu. Wogulitsa wina ananditumizira otere, mbalame imodzi inkaoneka ziwiri, ndipo ndalama zanga sizinabwerere. Bola kusunga mapaundi pafupifupi 100, kapena kuyendera mashopu a zinthu zakale, komwe mumayesa musanalipire.

Chachinayi, onani khalidwe lake. Chakudya chake chachikulu ndi nyama zakufa, monga zogundidwa ndi magalimoto, komanso nyongolotsi. M'tauni zimachuluka chifukwa anthu ena amaziponyera nyama kuseri kwa nyumba. Mudzaona zingapo zikuzungulira malo amodzi, kenako imodzi n'kutsika mwaliwiro, kutola ndi zikhadabo osatera. Ine ndikuti musazidyetse. Zikazolowera anthu zimayamba kulanda chakudya m'manja, monga zakhala zikumvekera ku Henley ndi ku Marlow, ndipo mwana akhoza kukandidwa. Mukamaotcha nyama panja, muzivundikira.

M'miyezi ya Marichi ndi Epulo zimamanga zisa m'mitengo italiitali, zimatolanso nsanza, mapulasitiki ngakhale masokosi a pachingwe. Chisacho musachiyandikire, lamulo la 1981 loteteza nyama zakutchire limaletsa kuzisokoneza. Kulira kwake kuli ngati mluzu wautali wonjenjemera, ndipo pulogalamu yaulere ya pafoni ya Merlin ikhoza kukutsimikizirani.