Chiwongolero cha pikapu yakale chisakupweteketseni msana

Amene mumayendetsa mapikapu akale ngati Nissan 1400 kapena Hilux ya m'ma 1980, mukudziwa kuti ambiri alibe kachitsulo kokwezera kapena kutsitsira chiwongolero. Ine ndinatsala pang'ono kugula chiwongolero china chifukwa mapewa ankauma ndikayenda ulendo wautali, koma vuto linatha ndi sipanala basi.

Yambani ndi mpando. Pondani klachi mpaka pansi, bondo likhale lopindika pang'ono. Kenako tsamirani bwino, tambasulani dzanja: polumikizira dzanja ndi mkono pafike pamwamba pa chiwongolero mapewa asanachoke pampando. Ngati sipakufika, musakankhenso mpando kutsogolo, mawondo angagunde dashibodi. Ikani khushoni yolimba kumsana, osati pilo wogonera amene amaphwa musanafike n'komwe.

Chiwongolero chikamakhudza ntchafu, suzumirani pansi pa dashibodi. Mtengo wa chiwongolero umagwiridwa ndi chitsulo cha mabawuti, nthawi zambiri awiri. Amasuleni pang'ono osawachotsa, kankhirani mtengowo m'mwamba mpaka pomwe mabowo akulola, mumangenso zolimba. Umasuntha pang'ono chabe, koma miyendo imapeza malo. Musanalowe mumsewu, zungulizani chiwongolero mbali zonse galimoto itaima. Chikamalimba penapake, bwezerani momwe chinalili.

Za kuika chiwongolero chaching'ono, ganizani kawiri. Magalimoto amenewa ambiri alibe power steering (makina opepukitsa chiwongolero), ndiye kukula kwa chiwongolerocho ndi kumene kumakupepukitsirani pokhota. Mukachichepetsa mudzatuluka thukuta poimika galimoto itasenza matumba a chimanga.