Puloti pomwe panali fakitale: zoyenera kuchita musanakumbe maziko

Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe, ku Zambia, unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'madera oyandikana nawo a Chowa, Kasanda ndi Makululu akupezekabe ndi mtovu, chitsulo chapoizoni, m'magazi. Mtovu suola m'nthaka. Choncho mukapeza puloti pomwe panali fakitale, galaja, depoti ya mafuta kapena pomwe ankaphwanyira mabatire, musathamangire kuumba njerwa.

Yambani ndi mbiri ya malowo. Mapepala mukawapeza kukhonsolo, koma dzenje lomwe ankathiramo oyilo wakutha amalidziwa ndi mlonda wakale kapena agogo oyandikana nawo. Afunseni. Mukatero yendani pamalopo, muone pomwe udzu ukukana kumera, dothi lakuda lonunkha dizilo, migolo yadzimbiri ndi malata akale a asibesitosi. Malatawo musawaphwanye, fumbi lake limawononga mapapo.

Kenako itanani katswiri ayeze dothi. Pali kachipangizo ka m'manja kotchedwa XRF komwe kamaonetsa mtovu ndi zitsulo zina pomwepo, koma mafuta ndi mankhwala amafunika labotale. Asangotapa pangodya imodzi yooneka bwino. Atape pamwamba, akumbenso pansi, makamaka paja panaloza agogo. Ngati pali chitsime, madzi ayezedwenso.

Zotsatira zikabwera, funso lalikulu ndi lakuti poizoniyo adzam'fika bwanji munthu. Mwana amakwawa pafumbi n'kuika zala m'kamwa. Mayi amathyola chisoso kuseri kwa nyumba, bambo amakumba chitsime. Njira zake ndi zimenezo. N'chifukwa chake malo omwe angaloledwe kukhala nyumba yosungiramo katundu, yowaka simenti pansi ponse, sangaloledwe kukhala sukulu ya mkaka. Amene amakuuzani kuti "malowa ali bwino" asanafunse chomwe mukufuna kumangapo, ameneyo musamukhulupirire.

Kukonza kwake kuli pawiri. Mutha kupala dothi loipalo n'kukalitaya komwe boma lavomereza. Pogwira ntchitoyo muzilithira madzi kuti lisauluke, ndipo lisagulitsidwe kwa oumba njerwa. Apo ayi, liphimbeni: yalani nsalu yolimba yoti wokumba m'tsogolo akaiona aleke, thirani dothi labwino pamwamba, kenako kapinga kapena simenti. Ndiwo zamasamba muzidzala m'matumba a dothi lochokera kwina. Mapulani okonzera malowo awaone a bungwe la boma loteteza zachilengedwe, lomwe ndi ZEMA ngati muli ku Zambia, kapena MEPA ku Malawi, ntchito isanayambe.

Musaiwale kusuzumira kuseri kwa mpanda. Mu 2016 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera madera a migodi ku Zambia, kuphatikizapo Kabwe. Koma mulu wa zotsalira za mgodi wa ku Kabwe, womwe amautcha Black Mountain, ukakhala posaphimba, mphepo imabwezeranso fumbi pamabwalo okonzedwa kale.

Ngati ana akukhala kale pamalo otere, pitani nawo kuchipatala akayezedwe magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mtovu ukafika mamaikulogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi, gwero lake lifufuzidwe ndi kuchotsedwa.