Musamangopha chilichonse choyenda, gemu imasunga chakukhosi

Mwezi watha mng'ono wanga amene amachita lendi ku Chikanda anandiimbira usiku ati gemu yake ya World of Warcraft (WoW) yawonongeka, akangofika ku tauni ya mu gemumo yotchedwa Booty Bay alonda akumamuthamangitsa n'kumuphera pachipata pomwepo. Ndinamufunsa kuti kodi iwe masiku apitawa umapha ndani? Zii. Kenako n'kuulula kuti sabata yonse amagwetsa alonda omwewo kuti ma pirate a Bloodsail amukonde amupatse chipewa chawo chija. Chipewa anapezadi, koma Booty Bay ndi matauni anzake atatu, Ratchet, Gadgetzan ndi Everlook, onse anamuda limodzi poti ndi a banja limodzi.

Ndiye tiyeni tigwirizane kaye mawu. Faction ndi gulu, reputation ndi mbiri yanu kwa gululo. Pali magulu akuluakulu amene mumasankha poyamba penipeni ngati Alliance ndi Horde, amenewo zili ngati Maule ndi Manoma, mukavala jezi kuisintha si kwapafupi. Chonde funsani kaye kuti anzanu ali mbali iti musanapange munthu wanu. Koma nkhani yanga ili pa timagulu ting'onoting'ono ta m'kati, timene timayamba tisakukudziwani kapena tikukudani kale.

Mu WoW masitepe ake alipo 8: Hated, Hostile, Unfriendly, Neutral, Friendly, Honored, Revered, Exalted. Kuchoka pa Neutral kufika Friendly ndi mapointi 3,000 okha, kenako 6,000, kenako 12,000, sitepe yomaliza 21,000. Onse pamodzi 42,000, ndiye kuti mukafika pa Revered muli pakati penipeni paulendo, apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi poganiza kuti atsala pang'ono. Mbiri ikamakwera mitengo imatsika, 5% pa Friendly mpaka 20% pa Exalted, ngati mayi wa tomato pa Mpondabwino amene mwamugula chaka chonse, pulaizi amangoponya yekha osapempha.

Musanayambe kugaya gulu lililonse, ndiye kubwereza ntchito yomweyomweyo kuti mbiri ikwere, pitani kwa quartermaster wawo, ndiye wogulitsa katundu wa gululo, mukaone zimene ali nazo komanso sitepe imene chinthu chilichonse chimafuna. Nthawi zambiri chimene mukufuna chili pa Honored kapena Revered basi, pa Exalted n'kupezapo kahatchi kodzionetsera. Ngati kahatchiko kakusangalatsani palibe mlandu, koma ine bandulo yanga ndimagula ndekha, sindingathere mausiku khumi pa chinthu chosawonjezera mphamvu.

Kenako fufuzani kuti mdani wa gululo ndani. Mu Burning Crusade, gawo la WoW la 2007, mumzinda wa Shattrath muli magulu awiri, Aldor ndi Scryers, mukakwera kwa awa mukutsika kwa awo, ndipo mukalowa dera la amene akukudani alonda sakufunsani dzina. Gemu ina, EverQuest ya 1999, inali yankhanza kuposa apa, anthu ankalemba /con kuti aone mmene munthu wa mu gemu akuwayang'anira asanamuyandikire. Chizolowezi chimenecho n'chabwino mpaka lero, mu WoW onani mtundu wa dzina pamutu pake, lofiira thawani kapena konzekani ndewu, lachikasu musiyeni sanakulakwireni.

Pano pali kanzeru kamene ndinaphunzira mochedwa. Magulu ambiri amakupatsani mbiri njira ziwiri, kupha adani awo komanso kuwabweretsera tinthu timene adaniwo amagwetsa, monga nthenga ndi mikanda kwa gulu la Timbermaw mu WoW. Kupha kuja kumafika poti sikukuwerengedwanso mukakwera sitepe inayake, pomwe tinthu tija timalandiridwabe. Ndiye musamathamange kukapereka tsiku lomwelo, sungani mu banki, gayani ndi kupha mpaka mapointi asiye kubwera, kenako mukakhuthule thumba lonse kamodzi. Ma quest akuluakulu, ndiye ntchito zimene gululo limakutumani, chimodzimodzi, asungireni kumapeto kouma kuja. Ndipo ngati gulu likugulitsa tabard, ka malaya kovala pamwamba kaja, onani ngati kamapereka mbiri mukakavala mu dungeon, malo a adani amene mumalowa ndi timu, njira imeneyi inatchuka ndi gawo la WoW la Wrath of the Lich King mu 2008.

Amene mulibe laputopu musaone ngati izi sizikukukhudzani. Albion Online ndi yaulere ndipo imaseweredwa pafoni, kumeneko mumanyamula mbendera ya mzinda, Martlock, Bridgewatch, Lymhurst, Fort Sterling, Thetford kapena Caerleon, n'kumalanda ma outpost, timisasa ta mizinda inayo, kuti mupeze mapointi. Kungoti mbendera ikakhala kumsana a mizinda ina yonse ali ndi ufulu wokumenyani, ndipo m'madera oopsa otchedwa red zone mukafa katundu yense amene mwavala wapita. Ine kuno ku Matawale ndinataya zida za sabata ziwiri magetsi atathima foni ili pa 3%, kuyambira pamenepo ndimavala zotchipa, ndimayenda m'chigulu, ndipo netiweki ikayamba kujejema cha m'ma 7 madzulo mbendera ndimakatula.

Za mng'ono wanga uja, mbiri yoonongeka imakonzeka koma ndi thukuta. Pano akutolera nsalu za silika kukapepesera ku Booty Bay uku akupha ma pirate omwe aja anamupatsa chipewa. Dzulo wanditumizira screenshot, wangofika kumene pa Hostile.