Malangizo Olumikizira Mawaya a Pampu Yodziyendera Yokha Yokapira Madzi M'boti

Malangizo awa alembedwa ku Mchinji kuti athandize eni maboti a ku Zambia, makamaka amene amadutsa pa chipata cha Mwami kupita ku Chipata ndi kumadera a mtsinje wa Luangwa. Akunena za pampu ya magetsi a mavolti 12 imene imakhala pansi penipeni pa boti, pamene madzi olowa amadikha.

Musanagwire waya wina aliyense, chotsani waya wa negativu pa batire. Mangani pampuyo pamalo otsikitsitsa, sefa yake italoza pansi, ndipo paipi yotulutsa madzi ikwere mosapindika mpaka potulukira pamene pali pamwamba pa mlingo wa madzi a kunja, kuopa kuti madzi angabwererenso m'boti kudzera m'paipi yomweyo.

Mapampu ambiri a mtundu uwu ali ndi mawaya atatu: wakuda, wabulauni, ndi wabulauni wa mzere woyera. Wakuda ndi wa negativu ndipo umapita ku batire. Awiri enawo ndi a pozitivu. Wina umapatsa mphamvu kachipangizo koyandama kamene kamayatsa pampu madzi akakwera, pamene winawo ndi woyatsira pamanja. Pano pafunika kusamala kwambiri, chifukwa makampani sagwirizana pa mitundu imeneyi: waya wabulauni umene uli wodziyendera pa pampu ina ukhoza kukhala wa pamanja pa pampu ya kampani ina. Werengani kapepala kamene kanabwera m'bokosi, musangotengera mmene mnzanu analumikizira yake. Musasinthanitsenso pozitivu ndi negativu, pakuti pampu idzamveka ikulira bwinobwino koma ikuzungulira chobwerera, madzi otuluka n'kukhala ochepa kwambiri.

Waya wa mbali yodziyendera utenge mphamvu molunjika ku batire, usadzere pa kiyi wa injini kapena pa swichi yaikulu yozimitsira magetsi onse. Chifukwa chake n'chakuti pampu imeneyi imafunika kwambiri mwini boti atachoka, monga usiku wa mvula ya mu Januwale boti litamangidwa padoko popanda munthu woti akape madzi. Ngati mwaika swichi ya mbali zitatu, yolembedwa AUTO (kudziyendera yokha), OFF (kuzimitsa) ndi MANUAL (kuyatsa pamanja), isiyeni pa AUTO nthawi zonse potsika m'boti.

Pa waya wa pozitivu wochokera ku batire ikani fyuzi pafupi ndi batire, pa mtunda wosapitirira masentimita 18, ndipo kukula kwake kukhale kumene wopanga pampu walemba. Fyuzi ikapsa, musakulunge waya wamkuwa m'malo mwake. Kaudzu kapena ulusi wa ukonde ukakola mapiko a pampu, mota imatentha, ndipo fyuzi yoyenera ndiyo imadula magetsi moto usanabuke.

Gwiritsani ntchito waya wa timinyewa tambirimbiri ta mkuwa wokutidwa ndi tini, chifukwa waya wamba wa m'nyumba umachita dzimbiri lobiriwira msanga pachinyezi. Kunenepa kwa waya kusachepere mamilimita 1.5 sikweya, ndipo batire likakhala patali sankhani wa 2.5, popeza waya wowonda ndi wautali umataya mphamvu panjira ndipo pampu imakoka madzi mofooka. Mfundo zonse zolumikizira zikhale pamwamba, pamene madzi sangafike ngakhale boti litadzaza, zofinyidwa ndi pulayala yake ndi kutsekedwa ndi kachubu kamene kamafota kakawambidwa. Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi yakuda sikokwanira. Tepiyo imamatuka ikanyowa, ndipo mapampu ambiri amene amaoneka ngati afa amakhala kuti vuto lili pa mfundo yotereyi.

Mukamaliza, bwezerani waya wa negativu, yatsani pa MANUAL kwa kanthawi kuti mumve ngati mota ikuyenda, kenako ikani pa AUTO ndi kuthira madzi ndi ndowa. Choyandama chikakwera pampu iyenera kuyamba yokha, ndi kuleka yokha madzi akatsika. Bwerezani kuyesa kotereku nthawi ndi nthawi, mukutsukanso sefa, makamaka mvula isanayambe mu Novembala.