Zida zowedzera ncheni ku Cahora Bassa

Ncheni ya mu Zambezi, imene alendo amaitcha tigerfish, imapulumuka chifukwa cha zinthu ziwiri: mano ake amadula chingwe ngati lumo, ndipo m'kamwa mwake ndi mafupa okhaokha, mbedza silowa msanga. Choncho ndalama zanu ziyambe kupita ku waya ndi mbedza, ndodo ibwere pambuyo.

Waya akhale wachitsulo, wotalika masentimita 25 mpaka 30, wopirira makilogalamu 15. Kumtunda kwake ikani swivel yakuda, kachitsulo kozungulira kolumikizira waya ku chingwe. Yonyezimira ayi, chifukwa ncheni zimayenda m'gulu, ndipo pamene mukulimbana ndi imodzi, inzake imaluma chonyezimiracho n'kudula chingwe. Mukakola nsomba iliyonse, yendetsani zala pa wayayo. Akapindika, musamuwongole, mutayeni. Pamene wapindikapo ndi pamene adzadukire.

Nyambo yabwino ndi supuni, kachitsulo kooneka ngati supuni yodyera, ya magalamu 20 mpaka 30, yamtundu wa mkuwa kapena siliva, yokhala ndi kufiira pang'ono. Imafanana ndi kapenta, chakudya chachikulu cha ncheni m'nyanja ya Cahora Bassa, imene ili pa mtsinje wa Zambezi ku Mozambique. Zambiri zimagulitsidwa ndi mbedza ya mano atatu. Ichotseni, muikepo ya dzino limodzi yolimba, ya saizi 3/0 kapena 4/0. Ya mano atatu imagawa mphamvu patatu, ndiye palibe dzino limene limaboola fupa. Mbedza yatsopanoyo inoleni, kenako muiyese pa chikhadabo: ikatsetsereka osakanda, sinathwe.

Ndodo ya mamita 2.1 yolimbirapo, reel (chokulungira chingwe) ya saizi 4000 ndi chingwe cholukidwa cha braid chopirira makilogalamu 10 mpaka 15 n'zokwanira. Braid satamuka, choncho lumikizani mita imodzi ya nayiloni pakati pa iye ndi waya kuti ichepetse kugwedeza. Buleki ya reel, imene imalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu, ikhale pa makilogalamu atatu. Mukaimanga kwambiri, chingwe chiduka nsomba ikangothamanga koyamba.

Amene amawedza ndi fly, nyambo yopepuka ya nthenga kapena ubweya yomangidwa pa mbedza, atenge ndodo ya nambala 9, chingwe chomira msanga, fly wa mtundu wa Clouser wakuda ndi kufiira, ndi waya wa masentimita 10.

Tsono pa kukola m'pamene ambiri amataya nsomba. Ncheni ikaluma, kokani mwamphamvu cham'mbali, kawiri kapena katatu. Wa fly akoke chingwe ndi dzanja, osakweza ndodo. Ncheni ikakodwa imalumpha n'kupukusa mutu, ndipo supuni yolemerayo imaithandiza kuzula mbedza. Tsitsani nsonga ya ndodo pafupi ndi madzi, pitirizani kukulunga, chingwe chisakhwefuke ngakhale pang'ono.

Nyengo yake ndi ya kutentha, Seputembala mpaka Novembala, m'mamawa ndi chakumadzulo. Ponyani pafupi ndi miyala, pamene mitsinje imathira m'nyanja, ndi pa mitengo imene inamira damu la nyanjayi, la ku Songo, litatsekedwa mu 1974. Lolani supuni imire powerenga mpaka khumi musanayambe kukulunga. Pa mitengoyo mudzataya nyambo zingapo, choncho nyamulani zokwanira.

Pochotsa mbedza gwiritsani pulayala yaitali, zala zisayandikire mano amenewo. Musaime m'madzi, ndipo musasambe m'manja m'mbali mwa bwato pamene mwaphera nsomba, ng'ona zilimo zambiri. Mvuu mukaziona, zilambalaleni patali. Chiphaso chowedzera mukatengeretu musanakwere bwato.